Mtsetse wa Achimwene

"Bwezerani pomwepo! Bwezerani, a Bezi, munthu uyu amve ndi makutu ake!"

Amene ankakuwa chonchi anali dalaivala wa lole, mutu utametedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi. A Bezi, eni ake a malo ometerawo, amenenso ankaliza gitala ya bezi m'bandi, anazimitsa makina n'kudina foni imene inali pa shelefu, pakati pa botolo la sipiriti ndi zipeso. Nyimbo inabwerera m'mbuyo. Inali nyimbo yawo yomwe, ya roko, yoyamba imene bandi yawo inajambula, ndipo sabata imeneyo sipika ya m'chipindamo sinkadziwa nyimbo ina.

Mng'ono wawo, Mphezi, anali pa benchi la odikira, akuyang'ana tsitsi limene linali mbwee pansi. M'bandi yawo ya anthu atatu iye ndiye ankaimba komanso kuliza gitala ya lidi, ndipo dzina la Mphezi anamupatsa chifukwa cha liwiro la zala zake. Masiku onse mkangano wa zoimba ukabuka iye ndiye ankakhala patsogolo, osapatsa mnzake mpata womeza malovu. Koma tsiku limeneli anangoti duu ngati wabwera kudzapepesa maliro.

Nyimbo inafika pakati. Ng'oma zinaleka, gitala inaleka, n'kutsala bezi yokha, gitala ya mawu aakulu ija, ikutsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, mothamanga ngati njinga yoduka mabuleki. Malo amenewa a m'bandi anawatcha mtsetse.

"Mwamva?" anatero dalaivala, akudzimenya pa bondo. "Aphunzitsi, mwamva? Ndiye muzindiuza za lidi?"

Aphunzitsi, amene ankadikira kumetedwa ndevu, anakonza magalasi awo. "Kukoma sindikukana ayi. Ine ndikunena za kuvuta. Gitala ya lidi ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi, bezi ili ndi zinayi. Awa ndi masamu oti ngakhale mwana wa ku sukulu ya mkaka akhoza."

"Lole yanga ili ndi matayala ambiri kuposa njinga yamoto, koma kayendetseni njinga yamoto pa matope muone! Wa lidi akaphonya amangogwedeza mutu, ife n'kumati ndi sitayilo. Wa bezi akaphonya nyumba yonse imagwa."

"Nanga wa ng'oma? Manja awiri, miyendo iwiri, chilichonse chikupita kwake."

"Wa ng'oma ndi munthu wokwiya chabe amene wapeza chomenya."

M'chipindamo munabuka chikhakhali. Aphunzitsi sanafune kugonja. Anatulutsa foni yawo n'kuonetsa kanema wa munthu wina wakunja, watsitsi lofika m'chiuno, amene zala zake zinkathamanga pa gitala mpaka osaoneka.

"Uyu ndiye katswiri," anatero. "Dziko lonse likuvomereza."

"Nkhuku yodulidwa mutu nayo imathamanga," anayankha dalaivala. "Liwiro lokha si luso. Mtsetse uwu uli ndi liwiro, koma notsi iliyonse ikumveka payokha, palibe imene ikuponda inzake. Tiyeni tifunse mwini liwiro. Iwe Mphezi, usatibisire. M'nyimbo iyi chovuta kwambiri n'chiti, solo yako ija kapena mtsetse wa akulu ako?"

Mphezi anadzutsa mutu. Achimwene ake anali ataima ndi makina m'manja, akumuyang'ana pa galasi.

"Mtsetse," anatero.

Ndipo sananame. Kuvuta kwake ankakudziwa bwino kuposa aliyense m'chipindamo, chifukwa amene anauliza mtsetsewo anali iyeyo.

A Bezi anaseka mwamanyazi, akupukuta thukuta ndi mkono. "Paja amati ukaipa dziwa nyimbo," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikungoima kumbuyo ngati mzati, anthu akuombera m'manja mphwangayu. Nanenso Mulungu wandikumbukira."

Mawu amenewa anamubaya Mphezi pamtima. Ananamizira kuti wina akumudikira ku benchi lake lokonzera mafoni, n'kutuluka asanametedwe.

Nkhani yake inayenda chonchi. Nyimboyo anapeka ndi Mphezi, ndipo mtsetse anauikamo dala, pofuna kuti anthu akamva aziti kuno nakonso kuli anyamata. Sanaganizeko n'komwe za amene adzaulize. Achimwene ake ankaliza bezi ndi zala ziwiri, modekha, osaphonya kugunda, koma kuthamanga sikunali kwawo. Ndi iwo amene anamuphunzitsa Mphezi kugwira gitala ali kamwana kamamina, ndipo mwanayo atawapitirira sanachite nsanje. Anangomusiyira lidi, iwo n'kubwerera kumbuyo.

Tsiku lojambula, m'situdiyo ya mnyamata wina wotchedwa Makutu, kachipinda komata matileyi a mazira m'makoma, a Bezi analimbana ndi mtsetsewo mpaka malaya ananyowa. Ankayamba bwino, koma akafika pakati zala zinkapunthwa. Ulendo womaliza anatsinzina n'kuugwetsa mulimonse, kenaka anavula mahedifoni n'kuthamangira ku ntchito osamvetsera, poti makasitomala anali atayamba kale kuwaimbira foni.

Mphezi anatsala, n'kumvetsera nkhope ili tsinya.

"Izi anthu akatiseka nazo," anatero.

"Pali njira ziwiri," anayankha Makutu. "Tiuchotse mtsetsewo, kapena akulu abwerenso tsiku lina."

Mphezi anasankha yachitatu. Anatenga bezi ya achimwene ake imene inali itatsamira khoma, anatulutsa m'thumba piki, kapulasitiki kolizira gitala kaja, n'kuutsika mtsetse wonse ulendo umodzi. Piki imamenya nsambo popita ndi pobwera, choncho imafika pamene zala ziwiri sizingafike. Makutu anapotokola timabatani take kuti kulira kwa pulasitiki kubisike, zimveke ngati zala.

"Nanga za akulu zija nditani nazo?" anafunsa Makutu.

"Fufutani," anatero Mphezi, akumanga chingwe cha nsapato.

Mumtima anadziuza kuti akuwathandiza. Anadziuzanso kuti bezi palibe amene amaimvetsera, anthu adzatengeka ndi solo basi. Koma nyimbo itatuluka, a Bezi anaimva ali chiimire, pakamwa pali yasa.

"Ndine ameneyu?" anafunsa.

Makutu anayang'ana Mphezi, Mphezi anayang'ana denga.

"Ulendo womaliza uja, akulu," anatero Makutu. "Munatsinzina, zinangotuluka zokha."

Munthu wosazolowera kunamizidwa savuta kunamiza. A Bezi anakhulupirira, ndipo tsiku lomwelo anatumizira nyimboyo mlongo wawo, anzawo akale, ngakhale munthu amene amawagulitsa malezala.

Mavuto anayamba pamene a holo ya achinyamata anaitana bandiyo kuti ikaimbe Loweruka masana. Pa chikwangwani analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti anthu adzaone mtsetse ndi maso awo. Bandi inkayeserera m'galaja ya Chigubu, makaniko amene ankaimba ng'oma, pakati pa matayala akutha ndi zitini za oyilo. Nyimbo zina zonse zinkayenda bwino. Koma akafika pa mtsetse, a Bezi ankayamba mwamphamvu, n'kupunthwa pakati pomwe paja.

"Tibwereze," ankatero.

Anabwereza mpaka Chigubu anaika ndodo zake pansi. "Akulu, kodi mtsetsewu munausiya ku situdiyo? Tumani mwana akautenge."

A Bezi anaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Anayang'ana dzanja lawo lamanja, analitembenuza uku ndi uku.

"Ndikudabwa," anatero. "Tsiku lija ndinauliza bwanji?"

"Tingouchepetsako liwiro, achimwene," anatero Mphezi, maso ali pa nsambo za gitala yake. "Kapena tiudumphe. Pagulu anthu sasamala."

"Tiudumphe? Anthu akubwerera chomwecho, iwe ukuti tiudumphe? Chinthu ndinachichita kale, ndichichitanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mphezi anatsegula pakamwa kuti anene, koma Chigubu anali pomwepo, ndiponso mwini galimoto ina anali atasuzumira pakhomo kudzamvera. Anati anena mawa. Mawa litafika anati anena akakhala awiriwiri. Atakhala awiriwiri, akuyenda m'mbali mwa msewu, achimwene ake anayamba kumufotokozera mmene mwana wawo wamkazi anakaimbira nyimboyo anzake kusukulu, akuti bambo anga ndi awa. Mphezi anameza mawu ake. Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kumukomera, ndipo nyimbo yake yomwe akaimva ikulira m'shopu ya munthu ankawolokera tsidya lina la msewu.

Lachinayi m'mawa, ali mkati mosintha galasi la foni ya kasitomala, anaona mthunzi pa benchi lake. Anali alamu ake, akazi a a Bezi, atanyamula jumbo ya masamba.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Foni yavuta?"

"Foni ili bwino. Amene wavuta ndi m'bale wanu." Anaika jumbo pansi n'kukhala pa kampando ka makasitomala. "Kodi nyimbo yanuyi mukufuna indiphere mwamuna?"

"Chachitika n'chiyani?"

"Munthu sakudya. Akaweruka amangofikira pa bezi, kabwerezebwereze malo amodzimodzi, mpaka ana aloweza pamene amaphonyera. Zala zatuluka matuza, matuza aphulika, iye osaleka. Dzulo dzanja linanjenjemera ali pa ntchito, watema khutu la mwana wa eni ake. Chiyambireni kumeta sanatemepo munthu."

Mphezi anaika kasikuludiraiva pansi.

"Ndi kutopa chabe, alamu. Apume."

"Ndamuuza zomwezo. Iye akuti ayi. Akuti dzanja likufa, ngati mmene zinayambira ndi bambo anu." Mayiyo anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Mawa akuti akupita kuchipatala akamuunike m'mutu. Wayamba kale kundiuza za ana, kuti uyu adzapite kwa uje, uyu atsale. Ine ndikuopa, alamu. Inu amakumverani. Kamuuzeni kuti nyimbo si moyo."

Bambo awo anamwalira ndi matenda ofa ziwalo, atagona chaka chathunthu osatha kudzidyetsa okha, ndipo amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza anali a Bezi. Mphezi ankazikumbuka bwino zonsezi. Iye ankaopa manyazi a tsiku limodzi, pamene m'bale wake ankagona ndi mantha a imfa. Anadziona kuti ndi munthu woipa, woipa zenizeni, osati mongonena.

Anatseka benchi dzuwa lili paliwombo, kasitomala akudandaula, n'kulunjika kwa achimwene ake. Kometera kunali kotseka. Anawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa chingwe choyanikira zovala. Bezi inali pamiyendo, kasipika kakang'ono pambali, ndipo dzanja lamanja linali m'beseni la madzi ofunda a mchere. Alamu ake, amene anali atangofika kumene, ankayanika malaya a ana.

"Khala, mphwanga," anatero a Bezi, akukankha chidebe ndi phazi kuti akhalepo. "Akuuza?"

"Andiuza kuti mukupita kuchipatala."

"Mawa." Anatulutsa dzanja m'madzi. Nsonga za zala ziwiri zinali zofiira, khungu litasupuka. "Ukukumbuka bambo? Anayamba ndi kugwetsa supuni. Tonse tinkaseka, timati akalamba. Ine chinthu ndinachichita ndi dzanja lomweli mwezi wathawu, lero likukana. Mutu ukulamula, dzanja silikumva. Ukuganiza kuti tanthauzo lake n'chiyani?"

"Achimwene..."

"Dikira ndimalize. Zikavuta, bandi musaiphe. Mupeze mnyamata wina wa bezi, alipo ambiri masiku ano. Koma ana angawa uwayang'anire. Wamkuluyu ali ndi mutu wa sukulu, asadzalekere panjira."

Mphezi anangoti zyoli. 

"Komabe ndisanagonje," anapitiriza a Bezi, akumupatsira bezi ija, "tayesa iwe. Zala zako n'zaliwiro. Mwina ndikaona ndi maso ndizindikira pamene ndikusochera."

Mphezi analandira bezi. Inali yolemera kuposa tsiku lija. Njira yothawira inali pomwepo, yotakasuka bwino: akanatha kuuyamba ndi zala, n'kupunthwa dala pakati, n'kunena kuti mwaona achimwene, ngakhale ine ukundikanika. Akanaseka onse, ndipo mawa lake munthu akanakwera basi kupita kukaunikidwa matenda amene alibe.

Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa piki.

Anautsika mtsetse wonse, kuchokera pamwamba mpaka pansi, notsi iliyonse payokha. Popanda timabatani ta Makutu, kulira kwa pulasitiki pa nsambo kunamveka poyera. Atamaliza anadzutsa mutu. Alamu ake anali ataima ndi malaya onyowa m'manja, madzi akudontha pa mapazi awo.

"Bwereza," anatero a Bezi.

Anabwereza.

"Piki," anatero a Bezi, motsitsa mawu.

"Eya, achimwene."

"Ku situdiyo kuja."

"Eya. Inu mutapita ku ntchito. Ndine ndinaliza."

A Bezi anakweza dzanja lawo, analifumbata, analitambasula, n'kugwedeza chala chilichonse pachokha ngati akuziwerenga.

"Ndiye kuti dzanja langa lili bwino?"

"Lili bwino, achimwene. Zala ziwiri sizingafike pamenepo. Ngakhale ine ndi zala sindingathe."

"Mayi a ana, mwamva? Dzanja lili bwino!" Anaseka mokweza, misozi ikutsika, akumenya beseni mpaka madzi anatayikira pansi. "Sindikufa ine! Kuchipatala kulibe ulendo!"

Mphezi anatsala pang'ono kuseka nawo. Koma kusekako kunayamba kuchepa, kunachepa, mpaka kunatheratu. A Bezi anapukuta nkhope ndi malaya, n'kuliyang'ananso dzanja lija.

"Lili bwino," anatero. "Kungoti silinakhalepo labwino choncho."

"Achimwene, inu mumaliza bwino. Kugunda kwanu palibe amene..."

"Usandipake mafuta. Zanga zija zili kuti? Zimene ndinaliza ine. Ndikufuna ndidzimve."

"Tinafufuta."

"Tinafufuta?"

"Ndinauza Makutu kuti afufute."

Alamu ake anaponya malaya aja m'chidebe n'kulowa m'nyumba. Chitseko anachitseka pang'onopang'ono, ndipo kwa Mphezi zikanakhala bwino akanachimenyetsa.

"Ukanandiuza tsiku lomwelo kuti achimwene apa mwalephera, ndikanakwiya mpaka madzulo, mawa lake n'kuiwala," anatero a Bezi. "Kulephera ndinakuzolowera, si chinthu chachilendo kwa ine. Koma iwe unandiyang'ana ndikutumizira anthu nyimbo. Unandiyang'ana ndikudziguguda pachifuwa pamaso pa makasitomala anga. Unali pa benchi pomwe paja."

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Unkaopa kuti nyimbo yako iipa."

Zinali zoona.

"Ndikonza, achimwene," anatero Mphezi. "Loweruka tikafika pamenepo tisinthane magitala. Kapena tiichotse nyimboyo. Kapena ndiwauze anthu chilungamo, andiseke ine."

A Bezi anatambasula manja, ndipo Mphezi anawabwezera bezi yawo.

"Pita kwanu," anatero. "Tionana Loweruka."

Loweruka holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Kunkatentha, ndipo mafani a kudenga ankangozunguza mpweya womwewo. Dalaivala wa lole anali kutsogolo kwenikweni, atabwera ndi anzake a ku ntchito amene anawalonjeza zodabwitsa. A Bezi anafika pa nthawi yake, zala ziwiri zitakulungidwa pulasitala. Anapereka moni kwa Chigubu, anapereka moni kwa Mphezi monga amachitira ndi kasitomala watsopano, n'kuyamba kuchuna nsambo.

"Tipanga bwanji pa malo paja?" anafunsa Mphezi monong'ona.

"Iwe liza zako."

Nyimbo zoyamba zinayenda bwino, anthu anadumpha mpaka fumbi linabuka. Kenaka inafika imene onse ankaidikira. Mafoni anakwera m'mwamba. Mphezi ankaimba, koma mawu ankangotuluka okha. Pakati pa nyimbo ng'oma zinaleka. Gitala inaleka.

A Bezi sanathamange. Anatsika ndi manotsi ochepa, olemera, limodzi limodzi, monga munthu wotsika masitepe atasenza katundu. Sanaphonye kugunda ngakhale pang'ono, ndipo anafika pansi pa nthawi yeniyeni imene Chigubu anabwereranso ndi ng'oma. Koma si zimene anthu anadzera.

"Aaa!" inatero holo yonse.

"Mtsetse uja uli kuti?" anakuwa wina kumbuyo.

"Mabuleki agwira!" anayankha wina, anthu n'kufa nacho chiseko.

Mphezi anaona dalaivala akutsitsa foni yake pang'onopang'ono, anzake akumugwedeza mapewa momuseka. Anaona achimwene ake ataima chilili, nkhope ili phee, akulandira chiseko chonsecho okha. Solo yake itafika anailiza ndi ukali wa munthu wofuna kudula nsambo, ndipo anthu anakuwa mokondwa, zimene zinangowonjezera ululu. Nyimbo itatha sanathenso kupirira. Anagwira maikolofoni.

"Abale, tamverani. Pali chinthu chimene muyenera kudziwa. Mtsetse umene munaumva mu..."

Dzanja lokulungidwa pulasitala linatseka maikolofoniyo. A Bezi anali atafika pambali pake.

"Ukufuna kutani?" anafunsa motsitsa, kuti amve awiri okha.

"Akukusekani chifukwa cha ine."

"Akuseka munthu amene wakalamba. Zimenezo ndipirira. Ukanena, aziseka munthu amene ankanyadira ntchito ya mng'ono wake osadziwa, ndipo aziseka mpaka ndidzalowe m'manda. Wandivula kamodzi kuseri. Usandivulenso pagulu."

"Nanga ine ndikhala nazo bwanji mumtima?"

"Mmene ndikhalire nazo ine. Ukufuna upepukidwe iwe, katundu ndisenzenso ine?"

Anachotsa dzanja, n'kuweramira pa maikolofoni akumwetulira ngati palibe chachitika.

"Pepani abale anga, zala zakalamba," anatero, akuonetsa pulasitala. "Paja ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Za mu foni zija muzisunge bwino, sizidzabweranso. Chigubu, tiye nayo ina!"

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja mowamvera chisoni, ndipo ndodo za Chigubu zinagundana kuyambitsa nyimbo yotsatira. Mphezi analowa mochedwa, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo.

Zoimba zitatha, dzuwa likadalipo, anthu anamuunjirira Mphezi kumugwira chanza. Ena ankati m'bandimo katswiri ndi iyeyo, akulu aja angopuma. Mawu amenewa anawalakalaka kwa zaka zambiri, koma tsiku limenelo ankangomva ngati akumuthira mchere pa bala. Anawazemba n'kupita kumbuyo kwa siteji, kumene achimwene ake anali atagwada, akutseka chikwama cha bezi. Anawerama kuti awanyamulire.

"Isiye," anatero a Bezi.

"Zala zanu zili ndi mabala, achimwene. Ndikuperekezeni."

"Ndati isiye." Anaimirira n'kukoleka chikwamacho paphewa. Mawu awo sanali aukali, anali otopa chabe. "Chibale n'fupa, sichiola. Kunyumba uzibwera, ana amakufuna. Lachiwiri tikumana ku galaja monga mwa masiku onse. Koma bezi iyi usadzaigwirenso."

Anatuluka pa khomo la kumbali, phewa limodzi litapendekeka ndi kulemera kwa bezi. Mphezi anatsala pa siteji, akukulunga mawaya.